Paipi ya Utsi ndi Kompyuta ya Injini: Zimene Ndinaphunzira pa Chitunda cha Thabwa

Mawu amene mnzathu wina, yemwe akugwira ntchito m'boma ku Lilongwe, anayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka.



Pamene a Mlembi anandiimbira lamya kuti chaka chino ndidzayankhulepo, ndinayesa kuti akufuna ndikambe za ntchito ya m'boma, popeza ndagwirako zaka pafupifupi 20. Koma iwo anati, "Iyayi achimwene, za m'boma timazimva pa wailesi. Ife tikufuna mudzatiuze za galimoto ija inakufera pa Thabwa." Apo ndinadziwa kuti mbiri yanga inafika kale patali, ndipo ndinaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha kusiyana n'kuti ena aziithira mchere kumbali.

Ndiyambe ndi kunena kuti ine si makanika, ndiponso si injiniya. Ku yunivesite ndinaphunzira za chuma. Zimene ndinene pano ndinaziphunzira mochedwa, galimoto ili pamiyala kuseri kwa nyumba kwa miyezi isanu, ine ndikukwera minibasi kupita ku ofesi. Ndazibweretsa pano chifukwa ndaona panjapo pamene taimika galimoto zathu, ndipo ndamva ndi makutu anga kuti ena mwa inu mwayamba kale ulendo umene ndinayenda ine.

M'chaka cha 2019 ndinaitanitsa kuchokera ku Japan galimoto yogwirapo kale ntchito, Subaru Forester ya turbo ya 2005. Inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Kwa zaka zinayi galimotoyo sinandivutepo. Ndinali kungosintha oilo, mafyuluta ndi matayala basi. Ndikunena izi poyera kuti pasakhale wina woganiza kuti vuto linali la amene anaipanga. Vuto ndinalibweretsa ndine.

M'chaka cha 2023 ndinayamba kusirira anyamata amene galimoto zawo zimabangula akamadutsa. Mwina ndi matenda a msinkhu wathu uno, pamene imvi zayamba koma mtima ukukana. Ndinapita ku galaja ina, ndipo mnyamata wa pamenepo anandiuza kuti, "Bwana, galimoto yanuyi ndi yamphamvu koma aimanga pakhosi." Anachotsa kachitini ka mu ekizozi kotchedwa catalytic converter, anaika paipi yaikulu kuyambira pa turbo mpaka kumbuyo, ndipo anachotsanso bokosi la fyuluta ya mpweya n'kuika fyuluta yooneka ngati chipewa pa paipi yonyezimira. Kachitini kaja anati kakhale kake, andichotsereko mtengo wa ntchito. Ine ndinaona ngati ndapindula. Nditatuluka pa galajapo galimoto inalira mokoma, ana a m'mbali mwa msewu n'kumaloza.

Patapita masiku ochepa, kanyali ka check engine kanayaka pa dashibodi. Nditabwerera, anandiitanira mnzake wa laputopu. Iye analumikiza chingwe pansi pa chiwongolero n'kunena kuti kompyuta ya injini ikudandaula za kachitini kaja, ndipo anandionetsa nambala yake, P0420. Anati zimenezo n'zazing'ono. Anali ndi fayilo imene anaipeza pa intaneti, yomwe anati imazimitsa kanyaliko, imawonjezera mphamvu, ndiponso imachotsa malire a liwiro a makilomita 180 pa ola amene galimoto za ku Japan zimabwera nawo. Sindinadzifunse n'komwe kuti pa M1 yathuyi ndidzathamangira pati liwiro lotero. Ntchito yonse inatenga mphindi 20. Galimoto sanaiyese pamsewu, ndipo fayilo yoyambirira imene inali m'kompyutamo sanaisunge. Ine sindinafunse kanthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ndisanafike pa Thabwa, ndiloleni ndikubwezereni pang'ono m'kalasi la Physical Science, pakuti zonse zimene zinandichitikira aphunzitsi athu anazilemba kale pa bolodi, ife tili kuwodzera masana.

Injini ya petulo imayenda ndi moto, ndipo moto umafuna zinthu ziwiri, mafuta ndi mpweya. Mu mpweya umene timapumawu, magawo 21 pa 100 aliwonse ndi okosijeni. Kuti petulo apse yense bwinobwino, kilogalamu imodzi ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya. Kunena mwa njira ina, lita imodzi ya petulo imafuna malita a mpweya oposa 9,000, ndiye kuti migolo ya malita 200 yokwana 45. Mukukumbukira akhuku athu kukhitchini kuja? Akathira madzi ambiri mumphika, ankayenera kuwonjezeranso ufa, apo ayi tinkadya phala m'malo mwa nsima. M'injini namonso ndi chimodzimodzi. Mpweya ukachuluka petulo ayenera kuwonjezeka. Petulo akachuluka kwambiri galimoto imatulutsa utsi wakuda ndi kumwa mafuta. Akachepa pamene injini ikugwira ntchito yolemetsa, moto wa m'kati umatentha mopyola muyeso.

Kale ntchito yosakaniza imeneyi inali ya kabureta. Ena mukukumbukira adalaivala a sukulu atatsegula boneti ya kagalimoto kaja, akupotokola kasikuluwu kwinaku atatchera khutu. Lero ntchitoyo ili m'manja mwa kabokosi kotchedwa ECU, kompyuta ya injini. Injini ya masilinda anayi ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, moto umaphulika m'kati mwake ka 100 pa sekondi iliyonse, ndipo pa kuphulika kulikonse kompyutayo imagamula kuchuluka kwa petulo ndi nthawi yoti pulagi ithetheke. Palibe khutu la munthu limene lingatsate zimenezo.

Koma kompyutayo ilibe maso. Imadalira zimene masensa akuiuza. Pali sensa imene imayeza mpweya wolowa, yomwe amakanika amaitchula kuti MAF. Pali ina mu ekizozi imene imanunkhiza utsi kuti ione ngati okosijeni watsala, yomwe imatchedwa lambda kapena oxygen sensor. Imeneyi inapangidwa ndi kampani ya Bosch, ndipo inayamba kuikidwa pa galimoto za Volvo m'chaka cha 1976. Palinso ina yomangiriridwa pa thunthu la injini, imene imamvetsera ngati moto ukuphulika mosayenera. Kompyuta ikalandira mauthenga amenewa imayang'ana m'matebulo ake, ofanana ndi aja tinkagwiritsa ntchito pa masamu, ndipo matebulo amenewa ndi amene anyamata amawatcha map. Anawalemba mainjiniya atayesa injiniyo kwa nthawi yaitali, ili ndi fyuluta yake, paipi yake ndi petulo wa kwawo.

Tsono mfundo imene ndikufuna mupite nayo kunyumba ndi iyi. Mukamayenda mwachifatse m'tauni, kompyuta imamvera sensa ya mu ekizozi n'kumadzikonza yokha, kuwonjezera kapena kuchepetsa petulo pang'onopang'ono kuti ikhale pa 14.7. N'chifukwa chake galimoto yosinthidwa imaoneka ngati ili bwinobwino kuchokera ku Area 25 kupita ku Capital Hill. Koma mukaponda moto mpaka pansi, pa galimoto zambiri kompyuta imasiya kumvera sensa ija n'kudalira tebulo lokha. Pa nthawi imeneyo injini ya turbo imafuna petulo wochulukirapo, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 11 kapena 12 a mpweya, chifukwa petulo wowonjezerayo amaziziritsa m'kati. Ngati tebulo ndi lolakwika, kapena ngati sensa ya mpweya ikunama, palibe wokonza. Ndiye kuti cholakwacho chimabisala masiku onse, n'kudzaonekera tsiku limene injini yalemedwa.

Kwa ine tsiku limenelo linafika mu December 2023. Tinapita ku ukwati wa mphwanga ku Nchalo, ndipo pobwerera tinali anthu asanu m'galimoto, kumbuyo kuli matumba awiri a mpunga ndi mtolo wa nzimbe. Amene munafikako ku Chigwa cha Shire nyengo imeneyo mukudziwa kutentha kwake. Titaoloka mlatho wa Kamuzu n'kudutsa pa Thabwa, tinayamba kukwera chitunda chopita ku Blantyre. Kutsogolo kwathu kunali lole ya shuga imene inali kukwawa. Tinaitsatira kwa nthawi, ndipo nditapeza mpata ndinaponda moto kuti ndiipitirire. Ndinamva kaphokoso ngati timiyala tikugubuduka m'chitini. Ndinakamva ndithu, koma paipi yanga inali kubangula kotero kuti ndinakanyozera. Pa kona yachiwiri galimoto inanjenjemera, mphamvu inatha, ndipo kumbuyo kunatuluka utsi wobiriwira. Kanyali kochenjeza sikanayake n'komwe.

Tinakhala m'mbali mwa msewu maola anayi kudikira galimoto yotikoka. Lole ija inatidutsa pang'onopang'ono, dalaivala wake n'kutiimikira dzanja. Amayi akunyumba sananene mawu ambiri. Anangofunsa kuti, "Bambo a ana, kodi si galimoto yomweyi munati mwaiwonjezera mphamvu?" Kenaka anakhala pamwala n'kuyamba kusenda nzimbe.

Atatsegula injini anapeza kuti pisitoni imodzi inasweka m'mphepete, pakati pa maring'i. Amene anaitsegula anali bambo wina wachikulire, wosalankhulalankhula, amene anandilozera mnzanga wa ku ofesi. Bamboyu sanandinyoze. Anandikhazika pa benchi n'kundiwerengera zolakwa zinayi, chimodzichimodzi, monga momwe a odita amachitira akabwera ku ofesi kwathu.

Choyamba chinali paipi yaikulu ija. Turbo imazungulira ndi utsi wotuluka, ndipo njira ya utsi ikatseguka kwambiri turbo imathamanga msanga n'kukankhira m'injini mpweya woposa umene kompyuta inakonzekera. Chachiwiri chinali fyuluta ija. Sensa ya MAF imayeza mpweya wodutsa pa kachidutswa kakang'ono, ndipo kompyuta imawerengera wotsalawo podziwa kukula kwa paipi imene sensayo yakhalamo. Paipi yonyezimira ija inali yotakasuka kuposa yoyamba, kotero kuti sensa inali kunena mpweya wochepa kusiyana ndi umene unali kulowadi, ndipo petulo anali kuperewera. Kuwonjezera apo, fyulutayo inali kukoka mpweya wotentha wa m'boneti, pamene bokosi lakale linkakoka wozizira wa panja.

Chachitatu chinali petulo. Galimoto za turbo za ku Japan zinakonzedwa kuti zizimwa petulo amene kumeneko amamutcha high octane, wofika pafupi ndi 100. Octane ndi muyeso wa kupirira kwa petulo, kuti asaphulike yekha asanafikidwe ndi moto wa pulagi. Kuno kwathu pa pampu timapeza petulo wa mtundu umodzi, ndipo safika pamenepo. Kompyuta ya fakitale inali kudziteteza, ikamva kugogoda inkachedwetsa kuthetheka kwa pulagi. Fayilo ya pa intaneti ija inachita zosiyana, inafulumizitsa pulagi, popeza inalembedwera petulo wabwino wa dziko lina. Timiyala tija ndinamva m'chitini kunali kugogoda kumeneko, petulo akuphulika yekha n'kumenya pisitoni ngati nyundo.

Chachinayi chinali malo. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Chikwawa ali pafupi ndi mamita 100 okha. Mpweya wa kumunsi ndi wolemera, ndipo pa mamita 1,000 aliwonse okwera umapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi pa magawo khumi. Tsono galimoto imene inali kupulumuka ku Lilongwe inakumana ndi mpweya wochuluka, kutentha kwa ku chigwa, katundu wolemera ndi chitunda, zonse pa nthawi imodzi. Ngakhale intercooler, kachipangizo koziziritsa mpweya kamene pa galimoto imeneyi kamakhala pamwamba pa injini, kanali katatentha kale chifukwa chokwawa kumbuyo kwa lole. Ndi chifukwa chomwechi fayilo yokonzedwa ku Johannesburg, pa mamita oposa 1,700, simungaikhulupirire ku Nsanje kapena ku Salima.

Za ndalama sinditchula nambala, amayi akunyumba ali m'holo muno. Mungokumbukira kuti mu November 2023 kwacha inali itangogwa ndi 44 peresenti, ndipo zipangizo zonse zinali zoitanitsa kunja. Ndalama imene tinasungira fizi ya mwana wathu wamkazi wa ku yunivesite inathera m'mapisitoni, ndipo ndinakatenga ngongole kuti mwanayo asabwezedwe. Palibe tsiku limene ndinachita manyazi ngati limene ndinamufotokozera chifukwa chake.

Mwina wina anena kuti ndiye kuti kompyuta ya injini isamakhudzidwe n'komwe. Sindikunena zimenezo. Mukasintha mapumidwe a injini ya turbo, kukonzanso matebulo n'kofunika ndithu, ndipo kusiya osakonza ndi ngozinso. Nkhani ili pa kakonzedwe kake, ndipo ndinakaona ndi maso bambo uja atamaliza kumanga injini.

Iye anayamba ndi kutsimikiza kuti injini ili ndi thanzi. Anayeza kompuleshoni ya silinda iliyonse, anaona mapulagi, anafufuza ngati mpweya ukuthawa penapake, anayezanso mphamvu ya pampu ya petulo. Anati kompyuta singachize injini yodwala. Anabwezeretsa bokosi la fyuluta, ndipo ndinagula kachitini kena kuti kalowe m'malo mwa kaja ndinapereka. Kenaka anaitana mwana wake amene anaphunzira za magetsi a galimoto. Mnyamatayo anapeza fayilo ya fakitale yogwirizana ndi nambala ya kompyuta yanga, n'kuisunga pawiri asanakhudze china chilichonse. Anamangirira mu ekizozi sensa yake yapadera yotchedwa wideband, imene imaonetsa nambala yeniyeni ya kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya. Ndiye tinalowa mumsewu, bamboyo akuyendetsa, mwana wake ali ndi laputopu pamiyendo akujambula zonse zimene masensa akunena. Ankasintha kanthu kamodzi kokha, n'kuyesanso, n'kuwerenga, n'kusinthanso. Kumene kuli makina otchedwa dyno, galimoto amaimangirira pa zigudumu n'kuchita zomwezi ili malo amodzi. Ife tinachita pamsewu masiku atatu, tsiku lomaliza masana dzuwa lili paliwombo, galimoto itasenza matumba a mchenga.

Pamapeto pake mnyamatayo anandiuza kuti, "Bambo, mphamvu ina ndaisiya dala osaitulutsa, kuti tsiku limene mudzathire petulo woipa injini idzakhale ndi pothawira." Mnyamata woyamba uja anandigulitsa mphamvu yonse kwa mphindi 20. Uyu anandibisira ina atagwira ntchito masiku atatu, ndipo galimoto ikuyendabe mpaka lero. Ndi imene ndabwera nayo.

Kwa inu amene muli ndi Vitz, Axio, Sienta ndi zina zopanda turbo, ndikuuzeni mosabisa. Mukasintha sailensa ya kumbuyo yokha, kompyuta imatha kudzikonza ndipo injini siiwonongeka, komanso mphamvu imene mungapeze ndi yochepa kwambiri moti simungaimve. Chimene mwagula ndi phokoso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinenepo za kachitini kaja, chifukwa ambiri tikupusitsidwa. M'kati mwake muli chisa chonga cha njuchi chopakidwa platinum, palladium ndi rhodium, miyala ya mtengo wapatali, ndipo platinum wambiri pa dziko lapansi amakumbidwa ku South Africa. N'chifukwa chake pamapezeka anthu ofunitsitsa kukuchotserani mwaulere. Ntchito yake ndi kusandutsa utsi wa poizoni, monga carbon monoxide, kuti utuluke wosaopsa kwambiri. Kale kankawonongeka ndi petulo wa mtovu, koma maiko a kuno kumwera kwa Sahara anasiya petulo ameneyo pofika chaka cha 2006, choncho chifukwa chimenecho chinatha. Kakatsekekadi n'koyenera kusintha, koma makanika ayambe wayeza. Mukakachotsa, utsiwo amaupuma ndi amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, akabaza, ndi ana athu omwe poyembekeza minibasi.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kanyali kaja. Kanayaka kundiuza zoona, ine n'kulipira munthu kuti akatseke pakamwa. Kompyuta imachita zimene yauzidwa, ndipo ingathe kuphunzitsidwa bodza. Mu September 2015 boma la America linatulukira kuti kampani ya Volkswagen inalemba m'makompyuta a galimoto zake za dizilo malangizo ozindikira nthawi imene galimoto ikuyesedwa, kuti utsi uzioneka woyera pa mayeso pokha. Galimoto pafupifupi 11 miliyoni zinakhudzidwa, ndipo kampaniyo inalipira ndalama zankhaninkhani. Ine ndinachita zofananazo pa galimoto imodzi, kusiyana kwake n'kwakuti wonamizidwayo ndinali ine ndemwe. Ku ofesi ndimadzudzula achinyamata akafuna kubisa funso la odita m'kabati, koma pa galimoto yanga ndinachita zomwezo osaphethira.

Choncho anzanga, munthu akadzafuna kulumikiza laputopu pa galimoto yanu, mudzamufunse mafunso anayi. Kodi fayilo yoyambirira muisunga, ndipo mundipatsa? Kodi fayilo mukuikayo inalembedwera injini iti ndi petulo uti? Kodi muyeza ndi chiyani kuti mudziwe kuti petulo akukwana ndikaponda moto? Nanga kanyali kameneka mukukonza chimene kakudandaula, kapena mukungokazimitsa? Wodziwa ntchito yake adzakondwa ndi mafunso amenewa. Akayamba kukwiya kapena kunena kuti mumachulutsa zonena, tengani makiyi anu muzipita. Chingwe cholumikizira chija n'chotchipa masiku ano, ndipo malo ake olumikizira, a timabowo 16, ndi ofanana pa galimoto zambiri kuyambira pamene America inalamula zimenezi m'chaka cha 1996. Kukhala ndi chingwecho sikusonyeza kuti munthu akudziwa zimene akusintha.

Pomaliza, ndithokoze aphunzitsi athu a Physical Science, amene ndikuwaona akumwetulira apo. Munatiuza kuti poyesa chinthu tizisintha mbali imodzi yokha, tiyeze, tilembe, kenaka tisinthe ina. Ine ndinalemba zimenezo pa mayeso a MSCE n'kukhoza, koma ndinadzazimvetsa patapita zaka 25, nditakhala pamwala pa chitunda cha Thabwa. Pepani aphunzitsi kuti ndinachedwa.

A Wapampando, ndaona kuti akukhitchini ayamba kusuzumira pakhomo, ndipo sindifuna kuti nsima izizire chifukwa cha ine. Amene ali ndi mafunso andipeze panja pafupi ndi galimoto yotuwa ija. Muizindikira mosavuta, ndi imene siikuchita phokoso.